Kulawa Mizinda Uli pa Sitima: Mafunso ndi Mayankho pa Maulendo a Cruise

Ena amakwera sitima zikuluzikulu zapatchuthi, zija amazitcha cruise, chifukwa cha sitimayo: chakudya chosatha, maiwe osambiramo, magule usiku uliwonse. Koma alipo ena amene amaikwera ngati njira yofufuzira malo. Amafuna kuponda mizinda ingapo m'sabata imodzi, kenaka asankhepo umodzi woti adzabwerereko paokha n'kukagonako masiku angapo. Nzeru imeneyi ndi yabwino, kungoti ili ndi misampha yake. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wofuna kuyenda motere ayenera kudzifunsa asanalipire tikiti.

Kodi ulendo wa cruise umayenda bwanji?

Mumagona m'sitima, mumadya m'sitima, ndipo chikwama mumamasula kamodzi kokha. Sitima imayenda usiku inu muli mtulo, kukamacha yakocheza padoko lina. Nthawi zambiri imafika cha m'ma 7 kapena 8 koloko m'mawa n'kunyamuka pakati pa 5 ndi 7 koloko madzulo. Mukachotsera nthawi yotsika ndi yokwera, mumatsala ndi maola pafupifupi 8 okhala pamtunda.

Njira yotchuka kwambiri ku Ulaya ndi ya sabata imodzi kumadzulo kwa nyanja ya Mediterranean. Makampani monga MSC, Costa ndi Royal Caribbean amazungulira madoko monga Barcelona ku Spain, Marseille ku France, Genoa ndi Naples ku Italy, ndi Valletta pachilumba cha Malta, n'kuikapo tsiku limodzi loti sitima iswere panyanja osaima. Maiko anayi m'masiku 7, popanda kuthamangira ndege kapena kusaka hotela. Sitimazi si zamasewera: Icon of the Seas, imene inayamba kuyenda mu 2024, imatha kunyamula alendo okwana 7,600, osawerengera ogwira ntchito.

Maola 8 angakwane kuti munthu audziwe mzinda?

Kuudziwa ayi, koma kuulawa inde. Mayi akamaphika ndiwo amadonthezera msuzi pachikhatho n'kunyambita. Sakhuta nawo, koma wadziwa ngati mchere wakwana. Tsiku limodzi padoko ndi chimodzimodzi.

Zilipo zambiri zimene tsiku limodzi limaulula. Mumadziwa ngati mzindawo ndi woyendeka wapansi kapena ndi wa zitunda zokhazokha. Mumaona mtengo wa khofi ndi wa nkhomaliro, mumamva ngati anthu amayankha Chingerezi mosavuta, mumayesa basi ndi sitima zapamtunda. Kwa ife ochokera ku Africa palinso china chimene mabuku otsatsa malo satchula: momwe anthu akukuyang'anira ukalowa m'sitolo, ndi momwe woperekera zakudya akukulandirira. Zimenezi munthu amazimva tsiku loyamba lomwe.

Chimene simungachione ndi madzulo ndi mbandakucha, pomwe mizinda yambiri ya kumeneko imakoma nthawi zimenezo. Ku Spain anthu amayamba kudya mgonero cha m'ma 9 koloko usiku, misewu itadzaza ndi mabanja ndi ana. Nthawi imeneyo inu muli pakati pa nyanja, magetsi a Barcelona akuzimirira kumbuyo.

Kodi madoko onse amalawitsa mofanana?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Madoko ali mitundu iwiri. Ena ali pakhomo penipeni pa mzinda, ena ndi chipata chabe cha mzinda umene uli kutali.

Valletta ndi chitsanzo cha mtundu woyamba. Sitima imalowa m'doko la Grand Harbour m'mawa, malinga a miyala yachikasu ataima mbali zonse ziwiri, aatali kuposa sitimayo m'malo ena. Mukatsika mumayenda mphindi zochepa m'mbali mwa madzi n'kupeza chikepe cha Barrakka, chimene chimakukwezani mamita 58 kukakutulani m'munda wamaluwa wa Upper Barrakka, mumzinda mwenimweni. Valletta, amene anayamba kumangidwa mu 1566, ndi wautali pafupifupi kilomita imodzi yokha. Pofika masana mwalowa kale m'tchalitchi cha St John's, mwaona chithunzi chachikulu chimene katswiri Caravaggio anajambula mu 1608 chosonyeza kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi, ndipo mwabwerera kumunda kuja kukamva mzinga umene amaomba 12 koloko. Ku Kotor, m'dziko la Montenegro, sitima ikapeza malo padoko imaima moyang'anizana ndi chipata cha mzinda wakale. Ku Naples mumatsikira pafupi ndi nyumba yachifumu yakale ya Castel Nuovo, pakati pa mzinda.

Mtundu wachiwiri ndi uja pa ndandanda wa ulendo amalembapo Rome ndi zilembo zikuluzikulu, pamene sitima ikukaima ku Civitavecchia, mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Mukwere basi yotulukira padoko, mupite pa siteshoni, muyende ola limodzi kapena kuposerapo pa sitima yapamtunda, madzulo mubwerezenso zomwezo. Maola atatu kapena anayi apita. Florence amafikirako kudzera ku Livorno, ulendo wa ola limodzi ndi theka. Paris amalemberamo doko la Le Havre, lomwe lili makilomita pafupifupi 200 kuchokera mumzindawo. Musanagule tikiti, tsegulani mapu n'kuona dzina lililonse kuti doko lake lili pati.

Ndiye mizinda ikuluikulu ngati Rome ndiisiye?

Dzifunseni kaye ngati ikufunika kulawa. Munthu amene wakhala akulakalaka Rome kuyambira ali pasukulu safunika sitima kuti imutsimikizire. Ameneyo asunge ndalama, adzapite pandege akakhale masiku asanu. Sitima imathandiza kwambiri pa malo amene simukanawagulira tikiti yandege chifukwa simuwadziwa: Valletta, Kotor, Split ku Croatia, Cádiz ku Spain, Cagliari pachilumba cha Sardinia. M'malo otere ndi mmene mumatuluka zodabwitsa.

Koma ngati sitima yanu yaima ku Civitavecchia, pitani ndithu ku Rome, mukasankhe dera limodzi. Kuthamanga sikufika. Wofuna kuona Colosseum, Vatican ndi kasupe wa Trevi tsiku limodzi amabwerera ndi zithunzi m'foni ndi matuza kumapazi, osadziwa ngati mzindawo waukonda.

Onaninso tsiku la sabata limene mudzafike. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican sizitsegula Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi. Nyumba ya zithunzi ya Uffizi ku Florence imatseka Lolemba. Tchalitchi cha Sagrada Família ku Barcelona, chimene chinayamba kumangidwa mu 1882, chimafuna tikiti ya ola lake, yogula pa intaneti pasadakhale, ndipo nyengo ya alendo ambiri matikiti amatha masiku angapo tsikulo lisanafike.

Ndilipire ulendo wokonzedwa ndi sitima kapena ndiziyenda ndekha?

Ulendo wokonzedwa ndi sitima ndi wodula, koma uli ndi chitetezo chimodzi chachikulu: basi yake ikachedwa, sitima imadikira, kapena kampani imakulipirirani ulendo wokaipeza kutsogolo. Mukayenda panokha n'kuchedwa, sitima imanyamuka. Anthu amayenera kukhala atakwera pafupifupi theka la ola isananyamuke, ndipo nthawi imeneyi imalembedwa pachikwangwani potsikira. Nthawi ikamatha, amene ali kale m'sitima amatsamira m'makonde kuyang'ana padoko, maina a ochedwa akuitanidwa pa zokuzira mawu, kenaka mumaona banja likuthamanga ndi majumbo m'manja, anthu akuwaombera m'manja ndi kuwaimbira mluzu. Ena safika. Otsalawo amadzilipirira okha hotela ndi ulendo wokafika padoko lotsatira.

Choncho pamene mzinda uli kutali, monga Florence kapena Paris, ulendo wa sitima ndi wanzeru. Pamene mzinda uli pakhomo, yendani nokha, chifukwa munthu sangalawe malo ali pawindo la basi, mahedifoni ali m'makutu, akutsatira kambendera ka wotsogolera alendo. Tengani nambala ya foni ya woimira kampani padokopo, imene imasindikizidwa pa pepala la zochitika za tsikulo. Ndipo wotchi yanu izitsata nthawi ya sitima, pakuti nthawi zina imasiyana ndi ya pamtunda, pomwe foni imasintha yokha.

Bwanji ngati malo otchuka andikhumudwitsa?

Musafulumire kuweruza. Kumbukirani kuti mwafika nthawi imene malowo aipa kwambiri, ndipo chikhamu chimene chikukutopetsanicho ndi inu nomwe ndi anzanu a m'sitima.

Taonani Santorini ku Greece. Chilumbachi chili ndi anthu pafupifupi 15,000, koma panakhalapo masiku amene alendo otsika m'sitima okha anapitirira 10,000. Sitima zikuluzikulu sizikocheza pamtunda. Zimaima pamadzi, anthu n'kumatengedwa pa maboti kupita kudoko lakale, m'munsi mwa phompho. Tauni ya Fira ili pamwamba. Njira zokwerera ndi zitatu: timagalimoto toyenda pachingwe tonyamula anthu 6 kalikonse, masitepe pafupifupi 600 odzaza ndowe, kapena pamsana pa bulu. Masana, alendo onse akamabwerera nthawi imodzi, mzere wodikira chingwecho umakhotakhota m'tinjira ta m'tauni, dzuwa likuswa mtengo, aliyense diso lili pa wotchi. Munthu wotero akafunsidwa za Santorini amangopukusa mutu. Koma amene wagona pachilumbacho amadzuka 6 koloko m'mawa n'kuyenda m'tinjira tomweto muli zii, amphaka okha ndi osesa.

Dubrovnik ku Croatia ndi chimodzimodzi. Mpanda wozungulira mzinda wakale ndi wautali pafupifupi makilomita awiri, ndipo kuyenda pamwamba pake masana sitima zitakocheza n'kukankhana. Ngati mzinda wakukokani ngakhale pa nthawi yovuta chonchi, dziwani kuti madzulo ake adzakugwirani mtima. Ngati wakukhumudwitsani, patulani bwino: kodi choipa ndi mzindawo kapena ndi ola limene mwafika? Madoko ambiri amaika ndandanda wa sitima pa intaneti, kotero mutha kudziwiratu kuti tsiku lanu padzakhala sitima zingati.

N'chifukwa chiyani mizinda ina ikuletsa sitimazi?

Chifukwa mlendo wa pa sitima amadzaza msewu koma sasiya ndalama zambiri. Wagona m'sitima, wadya kadzutsa m'sitima, mgonero ukumudikira m'sitima. Mumzinda amangogula ayisikirimu ndi kachikumbutso. Pamwamba pa izo pali utsi wa mainjini ndi mafunde amene amadya maziko a nyumba zakale.

Boma la Italy linaletsa sitima zopitirira matani 25,000 kudutsa pakati pa Venice kuyambira pa 1 Ogasiti 2021. Tsopano zimaima ku Marghera, dera la mafakitale, ndipo zina zimanyamukira ku Trieste kapena ku Ravenna ngakhale ulendowo ukutsatsidwa ndi dzina la Venice. Dubrovnik anayamba kuchepetsa chiwerengero cha sitima zokocheza pa tsiku mu 2019. Khonsolo ya Amsterdam inavota mu 2023 kuti doko la sitimazi lichoke pakati pa mzinda. Greece inayamba mu 2025 kulipiritsa mayuro 20 munthu aliyense wotsika ku Santorini ndi ku Mykonos m'miyezi ya alendo ambiri.

Apa pali mfundo yokomera wolawa. Mlendo wobweranso n'kudzagona m'nyumba ya alendo, kudya m'malesitilanti a anthu wamba ndi kukwera mabasi awo, ndi amene eni mzinda amamufuna.

Nditani tsikulo kuti ndidziwe ngati malo ndi oyenera kubwererako?

Chitani zimene mukanachita mukanakhala kuti mukugona komweko. Chokani m'msewu wa alendo, mukhote kawiri kapena katatu mpaka mufike kumene kwayanikidwa zovala m'makonde. Lowani mumsika umene amagulamo eni dera: ku Naples ulipo wa Pignasecca, kumene nsomba, tomato ndi zokazinga zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu njinga zamoto zikudutsa pakati pa ogula, ku Barcelona yesani wa Sant Antoni m'malo mwa La Boqueria, umene umadzaza ndi ojambula zithunzi. Kwerani basi ya anthu onse ngakhale masiteji atatu okha.

Idyani nkhomaliro pamtunda. Ambiri amathamangira kusitima masana poti chakudya cha kumeneko analipira kale, motero amataya phunziro lalikulu la tsikulo. Mukakhala pansi n'kuitanitsa chakudya mumadziwa mitengo, makhalidwe a anthu ndi kakomedwe ka zophika zawo nthawi imodzi. Muli pomwepo, yang'anani pa foni mtengo wa chipinda chogona m'dera lomwelo.

Madzulo lembani mizere ingapo musanagone, chifukwa pofika tsiku lachisanu matchalitchi ndi mabwalo onse amasokonekera m'mutu. Lembani makamaka zimene mwalephera kuchita: phiri limene simunakwere, boti limene munaliona likupita kutsidya. Mzinda umene wakusiyirani mndandanda wautali ndi umene ukukuitanani.

Kwa ife a kuno kummwera kwa Africa, pali maulendo apafupi?

Alipo. Kampani ya MSC imabweretsa sitima ku South Africa chaka ndi chaka, kuyambira cha m'Novembala mpaka cha m'Epulo, ndipo imanyamukira ku Durban ndi ku Cape Town. Kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia okhala ku Johannesburg kapena ku Durban, iyi ndi njira yapafupi yoyesera ngati moyo wa pa sitima ukukuyanjani, nseru ya mafunde ndi zonse. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amalowa mu South Africa popanda viza pa ulendo wosapitirira masiku 30.

Maulendo aafupi, ogona masiku atatu kapena anayi, amapita ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo kapena ku Pomene, magombe a ku Mozambique. Ndi malo okongola osambirako, koma pa nkhani yathu yolawa dziko saphunzitsa zambiri. Portuguese Island ndi kachilumba kopanda midzi, ndipo nyama yootcha imene mukadye pagombe yachokera m'sitima momwemo. Wofuna kumvako Chipwitikizi ndi kuona moyo wa anthu akwere boti lopita ku Inhaca, chilumba choyandikana nacho.

Ulendo wochokera ku Cape Town kupita ku Walvis Bay ku Namibia ndiwo umalawitsa bwino. Tsiku limodzi mutha kuona mbalame za flamingo m'dambo la m'mbali mwa nyanja, kukwera mulu wa mchenga wa Dune 7, n'kufika ku Swakopmund, makilomita pafupifupi 35 kumpoto, kumene nyumba za nthawi ya Ajeremani zidakalipo. Koma milu yofiira ya Sossusvlei ili makilomita oposa 300 pa msewu wafumbi. Mukakonda m'mphepete mwa chipululumu, mwadziwa kale ulendo wotsatira.

Nanga viza ndi ndalama zobisika?

Pa maulendo a ku Ulaya, wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a kumeneko. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu, ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Msampha uli apa: ngati sitima ituluka m'dera la Schengen n'kubwereramo, mwachitsanzo itaima ku Montenegro, Turkey kapena Tunisia, mukufunika viza yolowera kangapo, ndipo maiko enawo ali ndi malamulo awoawo. Britain nayo ili ndi viza yake. Makampani amakaniza munthu kukwera ngati mapepala sakukwana, ngakhale atalonjeza kuti padoko limenelo satsika. Safunsa anadya phula: funsani kampani ndi ofesi ya kazembe musanalipire. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala ulendo ukamatha.

Mtengo wotsatsidwa umakhala wa chipinda ndi chakudya. Makampani ambiri amawonjezera ndalama yothokozera ogwira ntchito tsiku lililonse, zakumwa, intaneti ndi maulendo a pamtunda. Ngati cholinga chanu ndi kulawa mizinda, tengani chipinda cham'kati chopanda windo, chomwe ndi chotsika mtengo. Masana onse mukhala muli kunja, ndipo ndalama imene mukanalipira pa chipinda chokhala ndi khonde idzalipira hotela pa ulendo wobwereza.

Kodi pali malo amene sitima singalawitse?

Onse a kutali ndi gombe. Madrid, Prague ndi mapiri a Switzerland simungawaone pa sitima yapanyanja, ndipo n'kulakwa kuweruza dziko lonse potengera doko limodzi. Marseille si France yense. Mizinda ina ya pakati pa dziko imafikika ndi sitima zazing'ono za m'mitsinje: pa Danube zimaima ku Vienna ndi ku Budapest, pa Nile zimayenda pakati pa Luxor ndi Aswan. Izi zimanyamula anthu ochepa, kawirikawiri osapitirira 200, ndipo zambiri zimakocheza pafupi ndi pakati pa mzinda.

Kwathu kuno nzeru yomweyi imagwira pa Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira mu 1951. Si sitima ya tchuthi; imanyamula anthu, matumba a chimanga ndi usipa. Koma woyenda nayo pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba amaona Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe, n'kudziwa kumene angadzabwerere ndi banja.

Ndasankha malo. Ndibwerere bwanji?

Sinthani zonse zimene sitima inakukakamizani. Inakufikitsani masana, ndiye inu mukagone masiku osachepera atatu, mkati mwa mzinda wakale kapena pafupi nawo, kuti m'mawa ndi madzulo zikhale zanu. Ngati munapita mu Julayi kapena Ogasiti, miyezi ya kutentha ndi chikhamu, bwererani mu Meyi kapena kumapeto kwa Sepitembala ndi mu Okutobala, mitengo ya zipinda itatsikako. Masana, sitima zikakhuthula anthu, inu tulukani mumzinda. Wobwerera ku Valletta akwere basi yopita ku Mdina, likulu lakale la Malta, kapena boti lopita kuchilumba cha Gozo. Wobwerera ku Naples apatule tsiku lathunthu la Pompeii, mzinda umene unakwiriridwa ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, pakuti maola awiri a ulendo wa basi sakwanira ngakhale theka lake.

Palinso njira yosafuna tikiti yachiwiri yandege. Doko limene ulendo ukuyambira kapena kuthera nthawi zambiri ndi lokhalo limene mungathe kugonako. Fikani ku Barcelona, Genoa kapena Cape Town masiku awiri sitima isananyamuke. Mudzauona mzindawo usiku, komanso ndege ikachedwa kapena chikwama chikasochera, sitima sidzakusiyani.